Musanasaine fomu ija, mabwana

Kwa inu nonse amene muli ndi anthu pansi panu pantchito, mamanijala, masupavaiza, akapitawo ndi a mu ofesi yoona za antchito,

Ndikulemba monga munthu amene wakhalapo mbali zonse ziwiri za tebulo. Zaka zambiri ndinali wopatsidwa malikisi, wolowa mu ofesi ya bwana kumapeto kwa chaka, kukhala kunsonga kwa mpando, manja pamaondo, kudikira kumva nambala imene thukuta langa la miyezi 12 lasanduka. Kenako ndinakwezedwa, cholembera chinabwera m'manja mwanga. Zimene ndikufuna kukuuzani ndinaziona nditagwira cholemberacho, ndipo ndiyamba ndi kulakwa kwanga komwe, kuti musati ndikuloza chala ine ndili woyera.

M'gulu limene ndinapatsidwa kuyang'anira munali anthu awiri amene sindidzawaiwala. Wina anali mnyamata waukhondo, wamalaya osita bwino, woyamba kufika m'mawa, woyambanso kukweza mkono pamsonkhano. Ukangomutuma, yankho linali lokonzeratu: “Ndamva bwana, ndithana nazo.” Enawo anali mayi ofatsa amene ankakhala pakona, kuseri kwa kabati ya mafayilo, osalankhula pamsonkhano pokhapokha atafunsidwa. Mwezi umene ndinayamba udindowo, mayiwa anachedwa katatu. Ndinkawaona pawindo akulowa chothamanga, chikwama chili m'khwapa, ndipo mumtima ndinagamula kale mlandu wawo: awa ntchito saikirapo mtima.

Pa fomu younikira ntchito ya kumapeto kwa chaka, mnyamata uja ndinamupatsa 4 pa 5 pafupifupi m'mabokosi onse, ngakhale m'bokosi la “kulondola pa ziwerengero”, limene kunena zoona sindinalifufuzeko n'komwe. Mayi aja ndinawapatsa 3, ndipo pa “kudzipereka pantchito” ndinalemba 2. Anawerenga, anasaina, anathokoza, n'kutuluka. Sanatsutse kanthu, ndipo ine kukhala chete kwawoko ndinakutenga ngati kuvomera.

Patapita miyezi itatu mayi aja anapita kutchuthi cha milungu iwiri. Sabata yoyamba isanathe, malipoti athu anayamba kubwezedwa kuchokera ku ofesi ya zachuma, manambala atazunguliridwa ndi inki yofiira. Pofufuza ndinapeza kuti zolakwazo zinali za mnyamata wanga wa 4 uja, ndipo sizinali zachilendo. Chaka chonse mayi aja ankaziona n'kumazikonza mwakachetechete asanaweruke, osauza munthu, poti kwa iwo ndi mmene ntchito imayendera. Manyazi atandigwira ndinakatsegula buku limene timasainamo nthawi yofikira. Miyezi 11 inayo sanachedweko ngakhale tsiku limodzi. Mwezi umodzi uja mwana wawo anali atagonekedwa m'chipatala. Sanandiuze, ndipo ine sindinafunse.

Sindinali woipa mtima ayi. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndikulemba zimene ndaona. Ndinaonadi, koma ndinaona zochepa zimene zinadutsa pamaso panga, ndipo mipata yotsalayo mutu wanga unangodzazamo wokha, osandiuza kuti ukudzazamo.

Matendawa si anga ndekha, ndipo anadziwika kale. Mu 1920, Edward Thorndike, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, anasanthula mafomu amene akuluakulu a asilikali ankalemba poyeza anthu awo. Fomu inkafunsa zinthu zosiyana: maonekedwe ndi mphamvu za thupi, nzeru, utsogoleri, khalidwe. Anapeza kuti malikisi ankayendera limodzi mopitirira muyezo. Msilikali wooneka bwino ankapezekanso kuti ndi wanzeru, wodziwa kutsogolera, wakhalidwe. Zinkangokhala ngati wolembayo wayamba wasankha mumtima kuti munthu uyu ndi wabwino kapena ayi, kenako n'kugawa chigamulo chimodzicho m'mabokosi onse. Thorndike anachitcha halo, kuwala kuja kumene ojambula amaika mozungulira mutu wa oyera mtima. Ife timati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Malaya osita bwino ndi “ndamva bwana” anandigulitsa 4 ya pa ziwerengero. Chimagwiranso chobwerera: kachilema kamodzi, monga kuchedwa katatu, kamadetsa mabokosi amene alibe nako ntchito.

Tsopano taganizirani tsiku limene inuyo munafika mochedwa kumsonkhano. Munalongosola bwanji? Msewu unadzaza, foni yofunika inabwera mukutuluka, akuluakulu anakuimitsani pakhomo. Zonsezo zinali zoona, ndipo inu munkazidziwa chifukwa munali m'kati mwake. Koma wantchito wanu akachedwa, msewu wake simuuona, mwana wake wodwala simumuona. Mumangoona munthu akulowa pakhomo wotchi itadutsa. Ndiye chifukwa chimagwera pa iyeyo: ndi waulesi, ndi wamphwayi, ndi mmene alili. Anyani amasekana zikundu.

Mu 1967, akatswiri a za maganizo a anthu Edward Jones ndi Victor Harris anaonetsa mmene chizolowezichi chilili chouma mutu. Anapatsa ophunzira nkhani zolembedwa zoyamikira kapena zodzudzula Fidel Castro, amene anali mtsogoleri wa dziko la Cuba, n'kuwafunsa kuti wolembayo maganizo ake enieni ndi otani. Ena anauzidwiratu kuti wolembayo sanasankhe yekha mbali, anachita kuuzidwa choti alembe. Komabe owerengawo anakhulupirirabe kuti woyamikira Castro ndiye kuti amamukondadi. Anauzidwa poyera kuti munthuyo anali womangika manja, koma anaweruzabe mtima wake. Patapita zaka 10, Lee Ross anapatsa kulakwaku dzina loti fundamental attribution error, kutanthauza kuthamangira kuloza chibadwa cha munthu n'kuiwala zimene zamuzungulira. Ngati zili choncho kwa anthu ouzidwiratu, nanga bwanji inu amene simunauzidwe kuti makina a wantchito wanu amazimazima, kuti katundu amafika mochedwa kuchokera ku dipatimenti ina, kuti makasitomala amene anagawiridwa ndi aja ovuta amene anzake onse anawakana?

Pali mafunso atatu amene ndikanakonda kuti amatidwe pakhoma la ofesi iliyonse. Anachokera kwa katswiri wina wa za maganizo a anthu, Harold Kelley, chaka chomwecho cha 1967. Loyamba: kodi ena akaikidwa pamalo omwewo amachitanso chimodzimodzi? Ngati aliyense wokhala pa makina amenewo amalephera kukwanitsa chiwerengero, vuto ndi makinawo. Lachiwiri: kodi munthuyu amachita zimenezi nthawi zonse, kapena ndi lero lokha? Lachitatu: kodi amatero pa ntchito iliyonse, kapena pa iyi yokha? Munthu wochedwa ndi malipoti okha, pamene zina zonse amamaliza nthawi yake, si waulesi. Mwina palibe amene anamuphunzitsapo pulogalamu ya pakompyuta imene malipotiwo amalembedwera, ndipo akuopa kunena. Ine funso lachiwiri lokha likananditengera mphindi zisanu, kungotsegula buku la pakhomo losainamo nthawi yofikira lija. Sindinalifunse chifukwa sindinkaona kuti pali choti n'kufunsa. Munthu wotsimikiza safufuza.

Mwina mukuti amenewo ndi mabwana ongoyamba kumene, ife tinakhwima. Imvani izi. Mu 2000, Steven Scullen, Michael Mount ndi Maynard Goff anafalitsa kafukufuku wa mamanijala 4,492, m'magulu awiri, amene anapatsidwa malikisi ndi mabwana awo, anzawo ndi anthu apansi pawo. Ankafuna kudziwa kuti malikisi akamasiyana, kusiyanako kumachokera kuti. M'gulu loyamba, 62 peresenti ya kusiyanako inachokera kwa wolemba malikisiyo: kuuma kapena kufewa kwa dzanja lake, zimene iye amakonda, tanthauzo lake la mawu ngati “wodzipereka”. M'gulu lachiwiri inali 53 peresenti. Ntchito yeniyeni ya munthu woyezedwayo inangotenga 21 peresenti m'gulu loyamba ndi 25 m'lachiwiri. Tanthauzo lake ndi lowawa, koma ndilinena: fomu imene mumasaina imakamba zambiri za inu kuposa za amene dzina lake lili pamwamba. Ndipo pa fomu imeneyo mpamene pamachokera bonasi, kukwezedwa, kalata yachenjezo, ndi mndandanda wa ochotsedwa kampani ikamachepetsa anthu.

Ngakhale mpando umene mwakhalapo umasankha zimene maso anu aone. Mu 1958, DeWitt Dearborn ndi Herbert Simon anapatsa akuluakulu 23 a pakampani ina nkhani yofotokoza mavuto a kampani yopanga zitsulo, n'kuwafunsa kuti vuto lalikulu ndi liti. Pa akuluakulu 6 oona za malonda, 5 anati ndi malonda, pamene enawo ambiri analoza kwina. Nkhani inali imodzi, pepala lomwelo. Choncho bwana amene anakulira ku maakaunti adzayamikira wosunga manambala n'kuona wodziwa kucheza ndi makasitomala ngati wotaya nthawi, ndipo wochokera ku malonda adzaona mosemphana. Amene amafanana nafe, wolankhula ngati ife, wophunzira kumene tinaphunzira ife, timamumva msanga ndipo timati ndi wanzeru.

Pali bodza lina limene ntchito yathu yomwe imatiphunzitsa, ndipo ili ndi lochenjera kwambiri moti ndikhalapo pang'ono. Daniel Kahneman, katswiri wa za maganizo a anthu amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2002, nthawi ina ankaphunzitsa alangizi a oyendetsa ndege zankhondo ku Israel kuti kuyamikira kumaphunzitsa bwino kuposa kukalipa. Mlangizi wina wakale anamutsutsa. Anati iye akayamikira wophunzira amene waulutsa bwino kwambiri, ulendo wotsatira amachita mocheperapo, koma akakalipira amene walakwitsa kwambiri, ulendo wotsatira amachita bwinopo. Mlangiziyo sankanama; ankaonadi zimenezo. Koma chifukwa chake sichinali pakamwa pake. Munthu aliyense ali ndi mlingo wake wa masiku onse, ndipo tsiku limene wachita bwino koposa kapena moipa koposa mumakhala mwayi kapena tsoka m'katimo. Mawa lake amabwerera kufupi ndi mlingo wake, kaya wayamikiridwa, kaya wakalipiridwa, kaya wasiyidwa. Bwana amene amakuwa pa tsiku loipa amaona zinthu zikusintha mawa lake n'kumati kukuwa kwagwira ntchito. Akayamikira pa tsiku labwino, mawa lake amaona kutsika n'kumati anthuwa ukawayamikira amatupa mutu. Chaka ndi chaka maso ake amamutsimikizira kuti nkhanza zimalipira. Ndakumana nawo ambiri otere, ndipo onse amalumbira kuti akunena zimene anaziona ndi maso.

Chimene chimandisowetsa tulo kwambiri n'choti maganizo anu sangokhala m'mutu mwanu. Amatuluka n'kukaumba munthuyo. Mu 1982, Dov Eden ndi Abraham Shani anafalitsa zimene anachita pa maphunziro a asilikali ku Israel. Alangizi anauzidwa kuti ophunzira ena ali ndi luso lapadera la utsogoleri, pamene mainawo anangotoledwa mwachisawawa. Pomaliza maphunziro, otchulidwawo anakhozadi kuposa anzawo pa mayeso olembedwa, osati pa malikisi a mlangizi okha. Jean-François Manzoni ndi Jean-Louis Barsoux, mu 1998, analongosola mbali yake yamdima, ndipo aliyense amene anagwirapo ntchito pansi pa munthu adzaizindikira. Bwana akayamba kukayikira wantchito, amayamba kumukhalira pakhosi: lipoti lililonse alione kaye, chisankho chilichonse chidutse kwa iye. Wantchitoyo amamva fungo la kukayikiridwako. Amasiya kubweretsa maganizo, amasiya kufunsa poopa kuoneka mbuli, amabisa zolakwa mpaka zitakula, amalowa m'chigoba ngati kamba. Bwana akaona zimenezo amagwedeza mutu n'kunena kuti, “Sindinanene? Uyu sangachite kanthu payekha.” Wamupanga yekha, koma akuyesa kuti wangomutulukira.

Mayi aja, ndikakumbukira bwino, atalandira 2 uja anasiya ngakhale moni wa m'mawa wautali. Ankangoti “mwadzuka bwanji bwana” n'kudutsa. Ine ndinawerenganso zimenezo ngati umboni.

Ndiye pali nkhani ya kuonekera. Ntchito zambiri zofunika zilibe phokoso. Cholakwa chimene chakonzedwa chisanatuluke sichilowa mu lipoti lililonse. Kasitomala amene watonthozedwa asanakwiye sabwera kudzadandaula. Makina amene apakidwa mafuta nthawi yake sawonongeka. Wozimitsa moto timamuombera m'manja, woletsa moto kuyaka sitimudziwa n'komwe. Ku Shanghai, m'dziko la China, kampani ya za maulendo ya Ctrip inachita kafukufuku ndi Nicholas Bloom wa ku yunivesite ya Stanford ndi anzake, amene anafalitsidwa mu 2015. Antchito oyankha mafoni amene anadzipereka anagawidwa potengera tsiku lawo lobadwa, ena kugwirira ntchito kunyumba, ena mu ofesi, kwa miyezi 9. A kunyumba ntchito yawo inakwera ndi 13 peresenti. Koma poyerekeza anthu ogwira ntchito mofanana, mwayi wa a kunyumba wokwezedwa unatsika pafupifupi ndi theka. Manambala analipo, olembedwa ndi kompyuta, osakondera. Chimene chinasowa ndi nkhope yawo pakhonde la ofesi. Kodi ndi angati mwa inu amene mumayamikira wotsalira mpaka mdima osafunsa kuti masana onse amatani, n'kukayikira woweruka nthawi yake atamaliza zonse?

Za dzina, mtundu, chikazi kapena chimuna, msinkhu ndi kalankhulidwe sindichulutsa mawu, chifukwa aliyense wa inu adzati zimenezo ndi za ena. Ndingokumbutsa kuti Marianne Bertrand ndi Sendhil Mullainathan anatumiza makalata ofunsira ntchito pafupifupi 5,000 ku mizinda ya Boston ndi Chicago ku America, ongosinthidwa maina, ndipo mu 2004 anafalitsa kuti a maina omveka achizungu anaitanidwa mochuluka ndi 50 peresenti kuposa a maina omveka a anthu akuda. Amene ankasankha makalatawo sindikukhulupirira kuti ankadzitcha atsankho.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti alesi kulibe. Alipo ojomba popanda chifukwa, alipo ozemba ntchito, alipo amene amadyera anzawo masuku pamutu, ndipo bwana woopa kuwauza zoona amalakwira amene akusenza katundu wawo. Kupatsa aliyense 3 kuti pasakhale wodandaula nakonso ndi kuthawa udindo. Sindikunenanso kuti mutaye mafomu, ngakhale makampani ena akuluakulu anatero: Adobe inasiya kuunika kwa kamodzi pachaka mu 2012, ndipo Microsoft inasiya kundandalika antchito kuyambira woyamba mpaka womaliza mu 2013. Kuchotsa fomu sikuchotsa diso la bwana. Chigamulo chimangosamukira m'makonde ndi m'misonkhano yotseka zitseko, kumene wantchito alibe ngakhale pepala loti atsutse. Kuweruza ndi gawo la ntchito yanu ndipo mumalipidwira zimenezo. Chimene ndikupempha n'choti muziweruza ngati anthu odziwa kuti maso awo amanama.

Kuyambira nthawi ya mayi aja ndimasunga kabuku. Ndikaona chinthu, chabwino kapena choipa, ndimalemba tsiku ndi chimene chinachitika, osati chimene ndikuganiza za munthuyo. “Lipoti lafika Lachinayi m'malo mwa Lachiwiri” ndi chinthu chimene wantchito angayankhepo. “Alibe chidwi” ndi chitonzo chovala jekete. Palibe amene angachiyankhe. Kabukuko kandithandizanso pa matenda ena, aja okumbukira milungu itatu yomaliza yokha n'kuiwala miyezi yonse ya m'mbuyo, matenda amene antchito ochenjera anawatulukira kale, n'chifukwa chake ena amasanduka angelo nthawi ya mafomu ikayandikira. Podzaza mafomu sindimaliza munthu mmodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ndimatenga bokosi limodzi n'kudutsa nalo anthu onse, kenako lina, kuti kuwala kwa bokosi loyamba kusatsikire m'mabokosi enawo. Bokosi limene ndilibe umboni wake ndimalisiya lopanda kanthu n'kupita kukafunsa amene amalandira ntchito ya munthuyo, poti iwo ndi amene amadziwa ngati imafika yoyera kapena yofuna kuchapa. Ndipo ndisanalembe nambala yotsika ndimayesa kusintha dzina m'mutu mwanga: akanakhala wokondedwa wanga uja amene wachita zomwezi, ndikanalemba chiyani? Kangapo konse yankho landichititsa kufufuta.

Kwa inu a pamwamba penipeni, amene mumalandira mafomu kuchokera kwa masupavaiza ambiri, ndili ndi pempho lapadera. Musamaike 4 wa bwana wofewa dzanja ndi 3 wa bwana wouma dzanja pa mzere umodzi ngati kuti anayezedwa ndi sikelo imodzi. Yang'anani kaye mmene bwana aliyense amagawira malikisi ake chaka ndi chaka. Mukaona wantchito amene anali wabwino kwa mabwana awiri n'kusanduka woipa kwa wachitatu, funso loyamba lipite kwa wachitatuyo. Ndipo patsani wantchito mpata woyankha asanasaine, mpata weniweni, osati kumupatsa cholembera inu mutaimirira kale kuyang'ana wotchi. Ambiri sadzatsutsa pamaso panu, chifukwa akudziwa amene amasaina tchuthi chawo. Afunseni funso losavuta kuyankha: “Ndi chiyani chimene mwachita chaka chino chimene mukuganiza kuti ine sindinachione?” Mukafunsa, khalani chete ndithu mpaka ayankhe.

Mayi aja atabwera kutchuthi ndinawaitana. Ndinawaonetsa malipoti a inki yofiira aja ndi buku la pakhomo, n'kuwapepesa. Ndinalemba kalata ku ofesi yoona za antchito yopempha kuti malikisi awo akonzedwe. Anandiyankha kuti mafomu a chaka chimenecho anatsekedwa kale, ndipo ndalama zowonjezera malipiro zinagawidwa kale potengera manambala omwewo. Chaka chotsatira ndinawapatsa zowayenera, koma 2 uja adakali mu fayilo yawo, ndi siginecha yanga pansi pake. Nditawauza zimenezi anangomwetulira pang'ono n'kunena kuti, “Palibe kanthu bwana, bola mwaona.” Kenako anandifunsa ngati apitirize kukonza manambala a mnyamata uja kapena ayambe kumawabweretsa kwa ine.

Ine wanu,
Mmodzi mwa ogwira cholembera